Mapeleti a chisanu amagulidwa dzuwa likuswa mtengo

Mu Seputembala 2022 tani imodzi ya mapeleti a utuchi ku Germany inkagulidwa mayuro oposa 750. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake tani yomweyo sinkafika n'komwe pa 250. Ku France thumba la makilogalamu 15, limene anthu anazolowera kulinyamula ndi mayuro 5 kapena kucheperapo, linadumpha 10, ndipo m'masitolo ena munthu ankachita kuwerengeredwa matumba oti atenge. Amene ankaimba foni kuti lole idzathire mapeleti kunyumba ankauzidwa kuti adikire masabata angapo. Aliyense analoza chala nkhondo ya ku Ukraine, ndipo sanalakwitse. Koma amene akuganiza kuti nkhondoyo ndiye nkhani yonse adzagwiranso njakata chaka china kulibe nkhondo.

Kwa amene sanawaonepo, mapeletiwa ndi utuchi ndi tizidutswa totsala pocheka matabwa. Amaziumitsa, kuzipera, kenako kuzikanikiza mwamphamvu kuti zidutse m'chitsulo chokhala ndi timabowo ta mamilimita 6. Kutentha kobwera pokanikizapo kumafewetsa utomoni wa mu mtengo momwemo, umene amautcha lignin, ndipo ukazizira umamata zonse pamodzi. Zotulukazo zimafanana ndi mapeleti a chakudya cha nkhuku kapena nsomba, zosalala, zosapitirira masentimita 4 kutalika. Makilogalamu 2 amapereka kutentha kofanana ndi lita imodzi ya mafuta otenthetsera nyumba. Ku Italy, France, Germany, Austria ndi Sweden mabanja ochuluka zedi amadalira mapeletiwa, ndipo kumidzi ya ku Britain ndi Ireland kumene mapaipi a gasi sanafike, munthu wochokera kwathu kuno angathe kuchita lendi nyumba n'kupeza kuti chisanu chonse adzadalira boyila, makina otenthetsera nyumba, yowotcha mapeletiwa.

Mfundo yathu ndi iyi: kusowa kwa mapeleti ndi vuto la kalendala ndi malo osungira, osati la mitengo m'nkhalango. Fakitale imapanga mlingo wofanana mwezi ndi mwezi, usana ndi usiku. Nyumba imawotcha pafupifupi theka la mapeleti a chaka chonse m'miyezi itatu yokha, Disembala, Januwale ndi Febuluwale. Mapeleti opangidwa mu Meyi ndi Juni ayenera kugona penapake mpaka chisanu chifike. Mashedi a ogulitsa ndi ochepa, boma lilibe nkhokwe, choncho nkhokwe yeniyeni ya dziko ndi galaja ndi chipinda chapansi cha banja lililonse. Zikakhala zopanda kanthu pofika Seputembala, palibe fakitale kapena lole imene ingabweze nthawi yotayikayo. Amene anakulira kumudzi safuna kufotokozeredwa zambiri: amadziwa mtengo wa ndowa ya chimanga mu Meyi, amadziwanso mtengo wake mu Febuluwale. Chosangalatsa n'chakuti miyezi yotchipa ndi yodula ya mapeleti ku Ulaya imagwera pomwepo.

Anthu amaganiza kuti mtengo ukakwera fakitale imangowonjezera ntchito. Sizitero. Ku Germany pafupifupi 90 peresenti ya zopangira mapeleti ndi zotsala za m'mafakitale ocheka matabwa, ndipo palibe amene amacheka matabwa chifukwa chofuna utuchi. Chiwongoladzanja cha ngongole za nyumba chikakwera, ntchito yomanga imachepa, macheka amayenda pang'ono, utuchi umasowa, ngakhale kunja kuzizire bwanji. Utuchi wochepa womwewo amaulimbirananso opanga mabolodi a mipando ndi alimi ofuna zoyala m'makola a ziweto. Utuchi wauwisi pafupifupi theka lake ndi madzi, ndipo kuti upangidwe mapeleti chinyontho chiyenera kutsika kufika cha m'ma 10 peresenti. Kuumitsa ndi kukanikiza kumadya moto ndi magetsi ambiri, ndiye magetsi akadula mapeleti amadula nawo. Kumanga fakitale yatsopano nakonso si ntchito yoyamba mu Okutobala n'kutha Khirisimasi isanafike.

Mu 2022 zonsezi zinakumana pamodzi. Mu Malichi mabungwe a FSC ndi PEFC, amene amapereka ziphaso za matabwa, analengeza kuti asiya kuvomereza matabwa ochokera ku Russia ndi Belarus, mu Epulo a ENplus, amene amatsimikizira ubwino wa mapeleti, anaimitsanso ziphaso za opanga mapeleti a kumeneko, ndipo kuyambira pa 10 Julayi chiletso cha EU pa matabwa ndi mapeleti a ku Russia chinayamba kugwira ntchito. Maiko amenewa pamodzi ndi Ukraine ankatumiza ku Ulaya matani pafupifupi 3 miliyoni pachaka. Nthawi yomweyo gasi anali atakwera mosaneneka, moti malo opangira magetsi ndi otenthetsa matauni ankagula mapeleti pamtengo umene kale akanaukana. Kumbali ya ogula wamba, maboma anali atatha zaka akulimbikitsa anthu kuchotsa maboyila a mafuta. Ku France mu 2021 mokha maboyila a mapeleti anagulidwa ochuluka kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi chaka cham'mbuyo, mothandizidwa ndi ndalama za boma za pulogalamu ya MaPrimeRénov', ndipo kuyambira pa 1 Julayi 2022 kuika boyila yatsopano ya mafuta kunaletsedwa. Boyila iliyonse yatsopano imabwera ndi nkhokwe yopanda kanthu yoti idzazidwe koyamba. Walira mvula walira matope.

Komabe taonani Germany bwinobwino. Chaka chimenecho dzikolo linapanga matani oposa 3.5 miliyoni, kuposa amene linawotcha. Mapeleti sanathe m'dzikomo, koma mtengo unakwera katatu. Chifukwa china n'chakuti msika wa ku Ulaya ndi umodzi, ndipo dziko ngati Italy, limene limagula kunja mapeleti ake ambiri, likataya kogula limabwera kudzalimbirana a anzake. Chifukwa chinanso ndi mantha. Amene nkhokwe yake inali theka anaitanitsa kuti adzazitse, amene amawotcha matani 4 anafuna 6, ndipo onse ankaimba foni sabata imodzi. Malole opopera mapeleti ndi owerengeka, madalaivala ake nawonso. Kenako chisanu cha 2022 mpaka 2023 chinakhala chofunda, ndipo pofika Epulo 2023 mtengo unali utatsika kufika pochepera theka la uja wa Seputembala. Amene anagula mwamantha pachimake penipeni anatsala ndi mapeleti odula m'chipinda, anzawo akugula otchipa.

Kumpoto chakum'mawa kwa United States kunachitika zofanana popanda nkhondo iliyonse. Chisanu cha 2013 mpaka 2014 chinali chaukali ndiponso chotalika. Mabanja amene anagula matani awo a masiku onse anawamaliza mu Febuluwale, ndipo atabwerera kusitolo anapeza kuti masitolo akuluakulu ayamba kale kuyala mbewu ndi zipangizo za m'dimba pamalo pamene panali matumba a mapeleti. Anthu ankayenda mitunda kukasaka matumba owerengeka. Mapeleti amathera munthu kumapeto kwa chisanu, nthawi imene akuganiza kuti zoopsa zadutsa.

Wina anganene kuti: mwatiuza kuti kugula msanga ndi kumene kunasokoneza msika mu 2022, nanga bwanji mukutilangiza zomwezo? Funsoli ndi loyenera. Kusiyana kwake kuli pa mlingo ndi chizolowezi. Banja limene chaka chilichonse limaitanitsa mu Meyi kapena Juni mlingo wowerengedwa bwino limathandiza wogulitsa kudziwa kuchuluka kwa katundu woti asunge, limapatsa lole ntchito nthawi imene ikanangokhala, ndipo limachoka pamzere wa mu Okutobala. Banja limene limadzidzimuka ndi nkhani za pa wailesi n'kuitanitsa mowirikiza ndi limene limatseka njira. Ndipo ngakhale mu 2022 momwemo, amene anagula mu Meyi ku Germany analipira cha m'ma mayuro 400 pa tani, pafupifupi theka la mtengo wa Seputembala.

Ndiye mlingo wowerengedwa bwino ndi uti? Kilogalamu imodzi ya mapeleti abwino imakhala ndi mphamvu ya pafupifupi 4.8 kWh, muyezo womwe uja wa mayunitsi a magetsi. Nyumba imene kale inkatha malita 2,000 a mafuta pachaka imafuna matani 4. Amenewa ndi matumba 267 a makilogalamu 15, kapena mathandala anayi ndi matumba ochepa pamwamba, poti thandala limodzi lamatabwa lija amasanjapo katundu nthawi zambiri limanyamula matumba 65 kapena 66. Amene akuchokera ku gasi atenge ma kWh a pa bilu ya chaka n'kugawa ndi 4.8. Mu 2023 bungwe loyang'anira za gasi ndi magetsi ku Britain, Ofgem, linaika 11,500 kWh ngati gasi wa pachaka wa nyumba wamba, ndipo izi zikufanana ndi matani pafupifupi 2.4. Mbaula ya m'chipinda chochezera ya 8 kW ikatsegulidwa mphamvu zonse imadya makilogalamu pafupifupi 1.9 pa ola, ikatsitsidwa imadya ochepera kilogalamu imodzi. Thumba limodzi patsiku m'masiku ozizira ndi chiwerengero choyambira nacho chabwino. Pa zonsezi onjezani gawo limodzi mwa magawo asanu chifukwa cha chisanu choipa. Kuwonjezera kuposa pamenepo n'kumangirira ndalama pachabe ndi kulanda mnzanu.

Pali tebulo lina limene ku Germany amagwiritsa ntchito pogawa bilu ya kutentha pakati pa wotuluka ndi wolowa m'nyumba ya lendi, ndipo aliyense wowotcha mapeleti anayenera kulimata pakhoma. Limagawa chaka m'magawo 1,000. Seputembala amatenga 30, Okutobala 80, Novembala 120, Disembala 160, Januwale 170, Febuluwale 150, Malichi 130, Epulo 80, Meyi 40, ndipo miyezi itatu yotentha pamodzi 40. Phatikizani nokha: kuyambira Febuluwale mpaka Meyi ndi magawo 400. Tanthauzo lake n'lakuti pa 1 Febuluwale muyenera kukhala mudakali ndi magawo awiri mwa asanu a mapeleti anu. Amene anayamba ndi matumba 260 ayenera kuwerenga matumba oposa 100 tsiku limenelo. Akapeza 60, aitanitse tsiku lomwelo, asadikire kuona pansi pa thandala lomaliza. Malichi ndi Epulo okha amadya gawo limodzi mwa asanu la chaka, ndipo ndi miyezi imeneyi imene anthu amaiwala powerengera.

Chovuta chenicheni ndi ndalama ndi malo. Si aliyense angatulutse mtengo wa matani 4 kamodzi, ndipo wokhala m'nyumba ya lendi yopanda galaja alibe poika mathandala anayi. Apa palibe matsenga, koma njira zilipo. Kugula thandala limodzi mu Meyi, lina mu Julayi, lina mu Seputembala kuli bwino kusiyana ndi kutola matumba asanuasanu pa filing'i siteshoni mu Januwale, kumene mtengo wa kilogalamu umakhala wokwera koposa. Oyandikana nyumba angathe kuitanitsa pamodzi, chifukwa mtengo wa tani umatsika katundu akachuluka ndipo ulendo wa lole umagawidwa. Amene ali pa chipereganyu apemphe kuti mwezi wawo wolandira ukhale Meyi kapena Juni. Ogulitsa ena amalola kugwirizana mlingo wa chaka chonse n'kumabweretsa kawiri kapena katatu, koma werengani pepalalo bwino: kodi lamanga mtengo, kapena langomanga malo pamzere? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Mapeleti olembedwa pa risiti satenthetsa nyumba.

Pamenepa ndi pamene akuba amalowera. Mu 2022 ku France ndi Germany kunabuka masitolo abodza ambiri pa intaneti, okhala ndi zithunzi zokongola ndi mitengo ya chaka chatha, ofuna kuti ndalama zonse zitumizidwe kudzera kubanki katundu asanabwere. Ena ankaba dzina ndi adiresi ya kampani yeniyeni. Mtengo ukakhala theka la wa ena onse pa nthawi ya kusowa, ndiye kuti mapeleti kulibe. Wopanga kapena wogulitsa aliyense wovomerezeka ndi ENplus ali ndi nambala yake yoyamba ndi zilembo za dziko, yodindidwa pathumba, ndipo mndandanda wa manambalawo uli poyera pa tsamba la bungwelo. Ku Britain kulinso mndandanda wa ogulitsa ovomerezeka wotchedwa Biomass Suppliers List, ndipo amene amalandira ndalama za RHI, thandizo la boma kwa otenthetsa nyumba ndi zinthu ngati mapeleti, amayenera kugula kwa amenewa. Kufufuza kumatenga mphindi zisanu.

Kusunga ndi kumene anthu ambiri amawonongera zimene anagula bwino. Mapeleti amamwa madzi ngati siponji. Ponyani angapo m'kapu ya madzi: abwino amamira kaye, pakapita mphindi zochepa amafufuma n'kusanduka phala la utuchi, ndipo sabwereranso mwakale ngakhale muwayanike padzuwa. Matumba ambiri ali ndi timabowo ting'onoting'ono totulukira mpweya, kotero pulasitiki yakeyo isakunamizeni. Thumba logona pa simenti ya m'galaja limakoka chinyontho pansi, ndipo mukadzalitsegula mu Januwale mudzapeza ngodya yake yapansi yatupa, yauma gwa ngati chigumu. Matumba akhale pathandala, atalikirane ndi khoma masentimita 10 kapena kuposa, ndipo mzere uliwonse upingase pa unzake ngati njerwa kuti mulu usagwe. Panja pakhale pothawira pomaliza, ndipo lona likhale lotchinga pamwamba koma losiya mpweya kudutsa m'munsi. Samalaninso kulemera: thandala limodzi ndi pafupifupi tani pamalo a sikweya mita imodzi, pomwe pansi pamatabwa pa chipinda cham'mwamba ku Britain amapamanga kuti panyamule pafupifupi makilogalamu 150 pa sikweya mita. Mathandala akhale pa konkire.

Kwa amene amalandira mapeleti opopedwa ndi lole, tani imodzi imafuna malo a makiyubiki mita pafupifupi 1.5. Amisiri a ku Germany ndi Austria amawerengera makiyubiki mita 0.9 a chipinda pa kW iliyonse imene nyumba imafuna, podziwa kuti magawo awiri okha mwa atatu ndi amene amadzaza, ena amapita ku pansi popendekeka ndi mpata wa kudenga. Nyumba ya 15 kW imafuna chipinda cha makiyubiki mita 13.5, cholowa 9 zenizeni, amene ndi matani pafupifupi 5.8. Chipinda chocheperapo chimakakamiza mwini wake kuitanitsa kachiwiri pakati pa chisanu, nthawi yoipitsitsa. Lole iyenera kuima pafupi moti payipi yake isapitirire mamita 30, chifukwa mita iliyonse ndi pokhota paliponse zimaswa mapeleti n'kuwasandutsa fumbi. Moyang'anizana ndi polowera pamapachikidwa mphira wochindikala kuti mapeleti asamenye khoma. Boyila izimitsidwe nthawi isanakwane yopopera, apo ayi makina okoka fumbi angakokere utsi ndi moto cham'mbuyo. Ndipo pakatha zaka ziwiri zilizonse chipindacho chisiyidwe chithe n'kusesedwa, chifukwa fumbi limadikha pansi pamene chitsulo chopotana chopititsa mapeleti kuboyila chimawatolera, ndipo tsiku lina chimangoima. Nthawi yabwino yosesa ndi Meyi, lole isanabwere. Ichi ndi chifukwa china chogulira mwezi umenewo.

Chipinda chodzaza chili ndi ngozi imene siyioneka. Mapeleti, makamaka ongopangidwa kumene, amatulutsa mpweya wa carbon monoxide ngakhale palibe moto, komanso amamwa mpweya wabwino wa m'chipindamo. Carbon monoxide ndi mpweya womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka mu Juni, wopanda fungo, wopanda mtundu. Bungwe loona za chitetezo pantchito ku Britain, HSE, linachenjeza mu 2012 kuti kuyambira 2002 anthu osachepera 9 anali atamwalira ku Ulaya polowa m'malo osungira mapeleti, ena m'sitima zapamadzi, ena m'nyumba wamba. Zotsekera za mapaipi olowetsera zikhale zamtundu wolola mpweya kutuluka. M'chipindamo musalowe m'masabata anayi oyamba chidzazireni. Nthawi ina iliyonse tsegulani chitseko kwa mphindi 15 kaye, ndipo munthu wina aime panja akukuonani. Ana asamafikeko n'komwe. Alamu ya carbon monoxide ikhale pafupi ndi chitseko chimenecho, inanso m'chipinda chimene muli mbaula.

Katundu akasowa, msika umadzaza ndi zinthu zooneka ngati mapeleti. Muyezo wa ENplus A1, umene maboyila ndi mbaula zambiri za m'nyumba zinapangidwira, umafuna chinyontho chosapitirira 10 peresenti, phulusa losapitirira 0.7 peresenti, ndi phulusa losayamba kusungunuka kutentha kusanafike madigiri 1,200. Manambalawa ali ndi ntchito. Matani 4 a A1 amasiya phulusa losaposa makilogalamu 28 chisanu chonse. Mapeleti okhala ndi makungwa ambiri, mchenga, mapesi kapena makoko a mpendadzuwa amasiya lochuluka kangapo, ndipo loipa kwambiri n'lakuti limasungunuka. Mukatulutsa kambale kowotchera m'mawa mumapeza chibuma cholimba, chotuwa, chonyezimira ngati galasi, chitatseka timabowo tolowera mpweya. Moto umafiira n'kumachita ulesi, galasi la chitseko limada m'maola ochepa, mapeleti osapsa amaunjikana, kenako makina amazima okha n'kuonetsa nambala ya vuto. Mapesi amabweranso ndi chlorine amene amadya zitsulo. Wopanga mbaula akadzapeza zotere, galanti yatha. Thumba labwino limadziwikanso ndi maso: fumbi la pansi pake pochoka kufakitale siliyenera kupitirira 0.5 peresenti, amene ndi magalamu 75 pa thumba la makilogalamu 15, kadzanja kamodzi kapena kawiri. Mukaona fumbi lofika chala chonse pansi pa thumba, lisefeni musanathire.

Kumapeto kwa 2022 boma la Britain linaimitsa kwa chaka chimodzi lamulo lakuti olandira ndalama za RHI aziwotcha mapeleti a muyezo wa A1 okha. Linachita zimenezi chifukwa katundu wa muyezowo anasowa. Koma lamulo likafewa boyila siyifewa nawo. Dziko lomwelo lili ndi Drax ku North Yorkshire, malo opangira magetsi amene amawotcha matani mamiliyoni angapo pachaka, ambiri ochokera ku United States ndi Canada. Wina angadabwe kuti dziko lolowetsa mapeleti ochuluka chonchi lingasowe bwanji oti banja liwothe. Yankho n'lakuti amenewo ndi a muyezo wa mafakitale, omangidwa pa mapangano a zaka zambiri, ndipo amayenda pa sitima kuchoka kudoko kupita kung'anjo osadutsa pa sitolo iliyonse.

Mapeleti akhoza kudzaza galaja koma nyumba n'kuzizirabe. Mbaula yamtunduwu siili ngati ya nkhuni: imafuna magetsi. Chitsulo choyatsira chimakoka mawati 300 kapena kuposa kwa mphindi zingapo zoyambirira, kenako mafani ndi injini yokankha mapeleti zimayenda ndi mawati pafupifupi 100 kapena kucheperapo. Magetsi akazima moto uli mkati, fani yotulutsa utsi imaima, ndipo ngati chumuni ndi chachifupi, chongotulukira pakhoma, utsi umabwerera m'nyumba. Batire yokhala ndi inveta yotulutsa magetsi osalala, amene amalembedwa kuti pure sine wave, imathandiza. Inveta yotchipa imatenthetsa timainjini ndi kusokoneza bolodi yoyendetsa makina. Chitsulo choyatsira chimatha pakapita zaka zingapo, ndipo chimakonda kufa usiku wozizira kwambiri poti ndi pamene chagwira ntchito koposa. Chapadera chikhale m'kabati pamodzi ndi chingwe chomatira chitseko. Wokonza boyila ndi woyeretsa chumuni aitanidwe mu Julayi kapena Ogasiti, chifukwa mu Okutobala buku lawo limakhala litadzaza. Mwaye wokutira mapaipi otengera kutentha umapangitsa kuti kutentha kuthawire kuchumuni, ndipo mwini nyumba amangodabwa kuti matumba akutha msanga.

Ngati zavuta ndithu ndipo mapeleti akuchepa, kutsitsa kutentha kwa nyumba ndi digiri imodzi kumapulumutsa pafupifupi 6 peresenti. Kuchoka pa 21 kufika pa 18 n'kotheka kwa anthu athanzi, koma pansi pa 18 azaumoyo ku Britain salangiza, makamaka kwa okalamba ndi odwala. Zipinda zosagonamo zitsitsidwe koma zisazimitsidwe, chifukwa payipi ya madzi ikaundana n'kuphulika mtengo wake umaposa tani ya mapeleti. Hita yamagetsi ya 2 kW imasunga chipinda chimodzi. Nkhuni sizilowa m'mbaula ya mapeleti, ndipo chootchera nyama cha makala sichilowa m'nyumba, zivute zitani.

Sitikunena kuti katundu yense ali paphewa pa banja. Maboma ali ndi mlandu wawo. Maiko a EU amakakamizidwa kusunga mafuta okwana masiku 90, ndipo mu 2022 anapanga lamulo lakuti nkhokwe za gasi zidzaze 80 peresenti pofika pa 1 Novembala, zaka zotsatira 90. Pa mapeleti EU ilibe lamulo lotere. Zimene maboma anachita zinali zopepesa moto utapsereza kale: France inapereka macheke a mayuro 50 mpaka 200 kwa mabanja owotcha nkhuni ndi mapeleti kuyambira kumapeto kwa Disembala 2022, Italy inatsitsa msonkho wa VAT pa mapeleti kuchoka pa 22 kufika pa 10 peresenti mu 2023. Ndalama zoterezi zimachepetsa ululu, koma siziwonjezera thumba ngakhale limodzi pamsika, ndipo cheke chofika mu Januwale chimakagula pa mtengo wa Januwale. Ku Austria bungwe la proPellets lakhala likupempha lamulo lokakamiza opanga ndi olowetsa mapeleti kusunga gawo lina la katundu wawo. Pempho limeneli ndi lanzeru. Kusungako kuli ndi mtengo, ndipo wogula ndi amene angaulipire, koma mayuro ochepa pa tani chaka chilichonse ndi opepuka kuposa mayuro 500 owonjezera chaka chimodzi choipa.

Boma limene limapereka ndalama zoikira boyila, monga mapaundi 5,000 a Boiler Upgrade Scheme ku England ndi Wales, lingathenso kufunsa funso limodzi lisanasaine: kodi nkhokwe ya nyumbayi ikwana chisanu chonse? Amisiri ena amaika kankhokwe kakang'ono pofuna kuti mtengo wa ntchito uoneke wotsika, ndipo mwini nyumba amadzazindikira mu Januwale woyamba. Amene akufuna kulowa m'nyumba ya lendi yokhala ndi boyila yotere afunse lanilodi asanalipire dipoziti kuti nkhokweyo imalowa matani angati, chaka chatha inatha angati, inasesedwa liti komaliza, ndiponso kuti lole imaima pati msewu ukadzaza chipale.